Bala la achimwene linapola koma khalidwe lasintha, tithandizeni nzeru

Membala wobisa dzina:
Abale anga, achimwene anagwa pa njinga yamoto pa msewu wa ku Mwami alibe chipewa, n'kumenyetsa chipumi pa phula. Anatuluka m'chipatala akuyenda ndi kuyankhula bwinobwino, tonse tinathokoza Mulungu. Koma munthu uja si yemweyo. Kale ankayendetsa okha kantini ku Kapata, kuoda katundu ndi kulemba ngongole. Lero amangokhala pakhonde, osasamba mpaka wina awauze. Tinawatuma sopo ndi mchere, anabwera ndi wailesi yangongole. Dzulo anatukwana apongozi pamaso pa ana, kenako n'kumaseka. Tikawafunsa amati alibe vuto. Alamu atopa, akuti abwerera kwawo ku Chadiza, ndipo akuluakulu akuti n'kulodzedwa. Alipo anaonapo zotere?

Namwino wa ku Katete:
Pepani achemwali. Kuseri kwa chipumi kuli mbali ya ubongo yotchedwa frontal lobe. Ndiyo imathandiza munthu kuyamba ntchito, kulinganiza choyamba ndi chotsatira, kuganizira mawa ndi kudzigwira pakamwa. Ikavulala, munthu amatha kudziwa mayina onse ndi kuwerenga ndalama, koma osatha kudzilamulira. Ngakhale kusazindikira kuti asintha kumachokera ku kuvulala komweko, si mwano. Bwererani nawo kuchipatala, ndipo alamu apite nawo kuti akafotokoze okha, chifukwa odwalawo akangoti ali bwino. Funsani ngati pakufunika CT scan, ndiko kujambula m'kati mwa mutu ndi makina, komanso ngati angaonane ndi occupational therapist, katswiri wothandiza odwala kuyambiranso ntchito za tsiku ndi tsiku. Mowa asaukhudze. Akakomoka ngati khunyu, kapena mutu ukamapweteka kwambiri ndi kusanza, thamangani nawo tsiku lomwelo.

Mayi wa ku Mchini:
Mwana wanga anali chonchi. Osawauza zinthu zitatu nthawi imodzi. Chimodzi, akamaliza china. Ife tinalemba ntchito za tsiku pa katoni n'kukhoma pachitseko, ndipo mobile money ndinkasunga ine. Akakwiya, osayankha, tulukani kaye. Koma alamu anuwo apumitseni, abale muzisinthana. Mkazi yekha sangathe, ndinaliradi ine.

Membala wobisa dzina:
Zikomo amayi, mawu anu ndawawerengera alamu. A namwino, kodi adzabwereramo ngati kale?

Namwino wa ku Katete:
Ambiri amapezako bwino ndithu, makamaka m'miyezi yoyamba mpaka chaka kapena ziwiri, koma ena zina zimatsalira. Pakadali pano asakwerenso njinga yamoto, ndipo kukantini azipita ndi munthu wina wogwira ndalama.