Makina odulira udzu a petulo: tigule kapena tikhalebe pa zenga?

Wa ku Khombedza: Akuluakulu, gulu lathu lili ndi ng'ombe 12 ndipo tikufuna kusunga udzu wa Rodesi wodyetsa m'chilimwe. Ena akuti tigule brush cutter, makina okolekera paphewa aja. Ndalama yake ingabwerere?

Wa ku Chinguluwe: Gulani bambo. Ng'ombe ya makilogalamu 250 imadya makilogalamu 6 kapena 7 a udzu wouma patsiku. Kuyambira Julayi mpaka Novembala ndi masiku pafupifupi 150, ndiye tani imodzi pa ng'ombe. Ngakhale theka izikapeza kudambo, gulu lonse likufunabe matani 6. Rodesi amadulidwa akangoyamba maluwa, cha mu Malichi kapena Epulo. Mukachedwa milungu itatu wakhwima, masamba ayoyoka, watsala ngati udzu wofolera. Ndi zenga simungathamange nayo nthawi imeneyi, komanso ndi pomwe aganyu ali kokolola.

Wa ku Chipoka: Ine ndikukana, mayi. Udzu wambiri suwonongeka chifukwa chochedwa kudula ayi, umaola posunga. Kuno kufupi ndi nyanja mame amachedwa kuuma. Makina agwetsa ekala yonse, ndani autembenuze? Dulani mame atauma, yalani mopyapyala, tembenuzani kawiri patsiku, masiku awiri kapena atatu. Potokolani kamtolo m'manja: kakamveka kozizira kapena kakatulutsa chinyezi, sunaume. Mukaumanga choncho umatentha mkati, umachita chuku, ng'ombe imangonunkhiza n'kuchoka. Ndalamayo iyambe yagula malata a shedi ndi mitengo ya thandala, lokwera theka la mita kuti chinyontho ndi chiswe zisafike.

Wa ku Chinguluwe: Shedi sinditsutsa. Koma palibe lamulo loti mudule ekala yonse tsiku limodzi. Dulani chigawo chomwe anthu anu angatembenuze, mawa china.

Wa ku Lifuwu: Mukagula, ikani mpeni wachitsulo wa mano atatu, osati ulusi wa pulasitiki, chifukwa ulusi umanyenya udzu mpaka kuvuta kusonkhanitsa. Siyani chitsa cha masentimita 10 kuti uphukenso. Ambiri mwa makinawa ndi a two-stroke: petulo amasakaniza ndi oyilo wake pa muyezo wolembedwa m'buku la makinawo. Oyilo akachepa, pisitoni imagwira. Funsani kaye ngati pulagi, kabyuleta ndi chingwe cholizira zikupezeka pa Salima boma.

Wa ku Chipoka: Nanga miyala ndi zitsa? Mpeni ukamenya mwala umapindika, makina amayamba kunjenjemera.

Wa ku Lifuwu: Yendani m'mundamo kaye, chotsani. Wodula avale magambutsi ndi magalasi, ana akhale kutali. Za mabelo, mitolo ya udzu yopanikiza ija, musagule makina ayi. Kalipentala akukhomereni bokosi lamatabwa, yalanimo zingwe ziwiri, pondani udzu ndi mapazi, mangani. Masangwi a mtedza muwamange payekha, muzisakaniza podyetsa.

Wa ku Khombedza: Ndamva. Loweruka ndikauza gulu kuti tiyambe ndi thandala ndi bokosi, makina tisonkhere pofika Febuluwale.