Sienta ikulavula dipisitiki, tigwetse injini?

Sipanala wa ku Ndirande: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Sienta ya takisi pano, injini 1NZ-FE. Ikangothamanga pang'ono dipisitiki, ndodo yopimira oyilo ija, imatumphuka yokha, oyilo n'kumwazikira mu boneti monse. Kumbuyo ikutulutsa utsi wa buluu, makamaka pokwera chitunda. Dalaivala akuti amawonjezera oyilo pafupifupi m'mawa uliwonse. Mwini galimoto wamva kale kwina kuti ndi maring'i a pisitoni, akufuna ndimuuze mtengo wa ovaholo lero. Koma injini yake ikulira bwino, mphamvu ilipo. Mtima wanga ukukana.

Wa ku Mchesi: Maring'i amenewo achimwene, musataye nthawi. Mpweya ukudutsa m'mbali mwa pisitoni n'kudzaza ku sampu, mokhala oyilo pansi pa injini, ndiye ukufuna potulukira. Utsi wa buluu, kudya oyilo, dipisitiki kuthawa, mukufunanso umboni wanji? Ma Sienta a takisi amayenda usana ndi usiku, oyilo kusintha mpaka atada bii.

Madala a ku Biwi: Pang'onopang'ono anyamata. Injini ya munthu sitsegulidwa chifukwa cha utsi. Mwapima kompuresheni, mphamvu ya mpweya wopanikizidwa m'masilinda? Nanga PCV, vavu yotulutsira mpweya wa mu sampu, mwaiona? Ili pa kava ya mavavu pamwambapo, yomanga ndi mazinga, kapayipi kake kamapita ku manifodi. Imasuleni muigwedeze pafupi ndi khutu. Yamoyo imalira kuti tseketseke. Ikakhala chete ndiye kuti yatsekeka ndi utsi wa oyilo, ndipo mpweya wa mu sampu ukasowa njira umakankha pofooka: dipisitiki, kapena masilo a kirankishafuti. Ngakhale injini yatsopano imapanga mpweya umenewu pang'ono, ntchito ya PCV ndi kuuyamwa kuti ukapse.

Onaninso kalabala kozungulira kamene kali pakhosi pa dipisitiki. Kakauma, ndodo sigwira.

Sipanala wa ku Ndirande: Madala, PCV ndamasula, ili chete, yodzaza phala lakuda. Ndaiviika mu petulo yayamba kulira koma mwaulesi, ndigula ina. Kompuresheni ndapima injini ili yotentha: masilinda onse ali pakati pa 185 ndi 190 psi.

Madala a ku Biwi: Ndiye maring'i alibe mlandu. Pa 1NZ malire apansi ndi cha m'ma 156 psi, ndipo masilinda asasiyane kupitirira 14. Zanuzo zili bwino kwa injini yoyenda chotero.

Wa ku Mchesi: Kompuresheni imanama nthawi zina madala. Ring'i ya oyilo ikamatirira mu pisitoni, ziwiri zapamwamba zimagwirabe mpweya, geji n'kuonetsa bwino, koma oyilo akupita. Ndipo oyilo amene ali m'silinda amathandiza kutseka mipata, nambala n'kukwera.

Madala a ku Biwi: Pamenepo mwanena zoona, sindikutsutsani. Koma tiyambe ndi zotchipa.

Mayi Makaniko, Zomba: Ine funso langa ndi lina. Dalaivala akuwonjezera tsiku lililonse chifukwa oyilo akutha, kapena chifukwa ndodo ikumuuza kuti watha? Si chinthu chimodzi. Achimwene a ku Ndirande, dipisitikiyo ndi ya injini imeneyo? Afunseni bwino. Ndodo zimenezi chogwirira chake ndi pulasitiki, chimathyoka ndi kutentha, ndiye anthu amangopita ku sikirapu n'kutola iliyonse ya chikasu yolowa pabowo. Ikakhala yaifupi pang'ono, imafika mochedwa pa oyilo, imawerenga kuti ndi wochepa pamene sampu yadzaza kale.

Chitani izi: tsitsani oyilo yense mu beseni loyera, mumuthire mu chigubu choti mukudziwa kukula kwake. 1NZ imamwa malita 3.7 mukasintha ndi fyuluta yomwe. Muone kuti atuluka angati.

Sipanala wa ku Ndirande: Amayi inu! Chigubu cha malita 5 chadzaza, mu beseni watsalabe woposa theka la lita. Oyilo wake ali ndi thovu ngati wakupidwa. Ndamufunsa dalaivala, akuti ndodo yoyamba inathyoka kalekale, iyi anagula pamsika, ndipo kuyambira pamenepo ndi pomwe "galimoto inayamba kudya oyilo".

Mayi Makaniko, Zomba: Ndi zimenezo. Oyilo akachuluka chotero, kirankishafuti imamumenya ikamazungulira, amachita thovu, wina amamwazikira m'masilinda kuposa amene maring'i angapale, wina amakwera ndi mpweya kupita ku PCV ndi kupayipi ya briza, yopumira injini. Onjezani PCV yotsekeka, ndodo yoti mwina khosi lake silikugwira bwino pa chubu, bwanji isatumphuke? Choopsa kwambiri ndi thovulo, chifukwa pampu ikamakoka oyilo wosakanikirana ndi mpweya, mabeyaring'i amayenda mouma. Mumvetsere bwino pansi ngati palibe kugogoda.

Wa ku Mzuzu: Ndangolowa kumene. Musanaweruze kuti ndi dalaivala yekha, nunkhizani oyiloyo. Akamanunkha petulo ndiponso ali wopyapyala, injekita ikudontha ndipo ikuwonjezera yokha. Akakhala wotuwa ngati tiyi wamkaka, madzi akulowa, gasiketi yapita.  

Sipanala wa ku Ndirande: Sakununkha petulo, si wamkaka, madzi mu radiyeta ali pomwe anali. Ndathira malita 3.7 ndi fyuluta yatsopano, ndailiza, ndaizimitsa, ndadikira mphindi zisanu pamalo osapendekeka. Ndodo ya pamsika ija yangonyowa kunsonga kokha, pansi pa kadontho ka m'munsi. Ndabwereka ya Sienta ina ya mnzanga, yafika pafupi ndi kadontho kapamwamba. Nditaziika pamodzi, ya pamsika ndi yaifupi moonekeratu. Kugogoda palibe.

Wa ku Mchesi: Chabwino, ndagonja theka. Koma muipatse makilomita 1,000 popanda wina kuthira kalikonse, kenako mupime ndi ndodo yolondola. Ikatsika kwambiri, tidzakambiranenso za ring'i ya oyilo ija.

Wa ku Mzuzu: Ngati yolondola sikupezeka lero, palani chizindikiro ndi fayilo pa yomwe ilipo.

Madala a ku Biwi: Ayi, imeneyo itayeni. Yangonyowa kunsonga, ndiye malire apansi mudzawalemba pati? Pitani ndi ya mnzanuyo ku sikirapu mukayerekeze kutalika kuchokera pakhosi mpaka pa timadontho, kalabala kakhale katsopano. Tsukani payipi ya briza ndi throttle body (khomo lolowera mpweya mu injini), muone mapulagi. Muuzeninso mwini wake kuti utsi sutha lero, mu ekizozi muli oyilo woti apse kaye.

Sipanala wa ku Ndirande: Zamveka madala, zikomo nonse. Mnyamata ndamutuma kale ndi ndodo yobwereka ija. Dalaivala ndamulanda chigubu chake cha oyilo, akachitenge kwa bwana wake.