Loweruka kwa Agogo

Achemwali aakulu: Moni nonse. Za Loweruka zija. Galimoto yokatenga Agogo ku Blantyre ndi K60,000 ndi mafuta omwe. Nkhuku, mpunga ndi makala sindinawerengere. Tinagwirizana K15,000 aliyense, alipira atatu okha.

Malume: Ndamva kuti khanda lalandira katemera Lachiwiri. Lisabwere.

Make khanda: Odi malume, mwadzuka bwanji? Inde tinapita ku sikelo, wakwanitsa masabata 6. Anamubaya pantchafu, wa rota, woteteza ku matenda otsekula m'mimba, anamudonthezera pakamwa. Akuyamwa bwinobwino.

Malume: Mayi anga ali pa mankhwala a khansa, thupi lawo lilibe chitetezo. Ndamva kuti katemera ameneyo amatuluka m'thupi mwa mwana. Lisabwere.

Achakhali: Mwambo wonsewu si woti Agogo aone chidzukulu chawo? Ndiye tikadya nkhuku chifukwa chani?

Achimwene a ku Joni: Yanga ndapatsira munthu akunyamuka mawa pa basi.

Achemwali aakulu: Munthu uti? Tumizani pa Airtel Money basi. Za kupatsira munthu tinaziona pa chiliza chija.

Achimwene a ku Joni: Tisayambe zimenezo pano.

Anamwino a ku Leeds: Pepani ndinali ya usiku. Malume sakunama ayi, koma nkhaniyi tiimve bwino. M'madontho a rota muli kachilombo kamoyo koma kofooketsedwa. Kamachulukana m'matumbo mwa mwana kuti thupi liphunzire kulimbana nako, ndiye kena kamatuluka ndi chimbudzi. Kamatuluka kwambiri akamwa koyamba, makamaka cha pa tsiku la 7. Akadzamwa kachiwiri pa masabata 10 kamakhala kochepa.

Malume: Mwamva? Ndimanena zomwezo. Lisabwere.

Anamwino a ku Leeds: Dikirani malume ndimalize. Njira yake ndi imodzi: thewera, m'manja, kenako pakamwa. Kuno ku UK ana amamwa pa masabata 8 ndi 12, ndipo makolo timawauza kuti kwa masabata awiri azisamba m'manja ndi sopo nthawi iliyonse akasintha thewera, makamaka ngati pakhomo pali wodwala ngati Agogo. Ku Blantyre komweko ofufuza anayeza anthu okhala nyumba imodzi ndi ana omwa katemerayu, amene anatengera kachilomboko anali ochepa kwambiri.

Achakhali: Inu simukumbukira wanga wachiwiri uja. Nthawi imeneyo katemerayu kunalibe, anabwera 2012. Anatsekula m'mimba usiku umodzi, kutacha maso alowa, liwombo lalowa, akulira popanda misozi. Thanzi ndikamupatsa akusanza. Mtsempha wa diripi anachita kuupeza pamutu. Ndiye wina asamuopseze mtsikanayu mpaka akaleke kumwetsa mwana katemera wachiwiri uja.

Make khanda: Sindingaleke achakhali, tsiku analemba kale m'buku la sikelo.

Msuweni: Abale, alipo wapeza fetereza wotsika mtengo ku Lunzu? Kwathu kuno thumba lakweranso.

Achemwali aakulu: Fetereza mukumukumbuka, K15,000 yaiwalika.

Msuweni: Malipiro sanalowe achemwali, Lachisanu.

Achemwali aakulu: Alamu nawonso akuwerenga zonsezi, ndikuona. Chiyambire Lolemba ali zii.

Malume: Ine ndikunena za moyo wa mayi anga, inu mukunena za nkhuku. Akadwala adzagona nawo kuchipatala ndani? Miyezi yonseyi wagona pa simenti ndi ine.

Achakhali: Tonse tagonapo achimwene. Ena sitilengeza.

Anamwino a ku Leeds: Tipange chonchi. Loweruka likhala tsiku lachinayi chimwereni, ndiye kachilomboko kakhala kakutuluka ndithu. Agogo asasinthe thewera, asachape matewera, ndipo mukuwadziwa, akaona beseni sakhala pansi. Mwana azisinthidwira chipinda china, make yekha, kenako sopo ndi madzi othira kuchokera m'jagi, osati tonse kuviika m'beseni limodzi. Amene wagwira thewera asapite kukapakula asanasambe. Ndipo malume, poti mawa muli nawo kwa dokotala wawo, mufunseni ngati magazi awo ali bwino moti angamunyamule mwanayo. Akakana, amuona ali m'manja mwa make.

Make khanda: Ndibwera ndi ma pampers, ogwiritsa kale ntchito ndizimanga m'jumbo nkuponya kuchimbudzi cha kunja. Sopo ndi jagi ndibweretsa ndekha.

Malume: Ndikafunsa. Koma dokotala akati ayi, ndi ayi.

Achakhali: Ndangolankhula nawo Agogo pafoni. Ati chitenje chomuberekera anagula kalekale, chili pansi pa pilo. Akufunsa ngati wafanana ndi malemu.

Make khanda: Mphuno ndi yawo yeniyeni, akadzionera okha.

Achimwene a ku Joni: Ndatumiza K20,000, onani foni. Yapamwambayo mugule sopo.

Achemwali aakulu: Yafika, zikomo achimwene. Atsala awiri. Dalaivala akufuna theka pofika Lachinayi madzulo, apo ayi galimoto aipereka kwa a ukwati.