Mademo a 2019 aja anatipindulira chiyani? Ndikufunsa ndili ku Kamwala

NaPhiri_waKuMchinji

Abale, kwathu ndi ku Mchinji koma ndakhalitsa mu Lusaka, ndimagulitsa zitenje ku Kamwala. Dzulo ndinakangana ndi mayi wa ku Katete yemwe timayandikana matebulo, mpaka kasitomala anangosiya nsalu n'kumapita. Iye akuti ife Amalawi mu 2019 tinangotopetsa miyendo pachabe. Ndinamuyankha mokweza, koma usiku tulo sitinabwere, chifukwa mwina sakunama.

Mademo aja ine ndinawaona ndi maso. Mu October 2019 ndinkapita ndi katundu ku Lilongwe, ndadutsa bwinobwino pa Mwami, kufika pa Msundwe msewu watsekedwa ndi miyala, matayala akuyaka. Dalaivala anazimitsa minibasi n'kutiuza kuti aliyense azipempherera yekha. Ndinagona pamwamba pa mabelo anga ngati nkhuku yofungatira. Utsi wokhetsa misozi unalowa mu nsalu moti ndinachita kuziyanika masiku awiri ndisanagulitse. Mlongo wanga wamng'ono ndiye sankaphonya, tsiku lililonse lomwe a HRDC, gulu lomenyera ufulu wa anthu, aitana iye ali kutsogolo kukuwa kuti Jane Ansah, yemwe anali wapampando wa bungwe loyendetsa zisankho la MEC, achoke chifukwa cha zotsatira za chisankho cha 2019. Nsapato anataya kawiri.

Lero taonani. Pa 16 September 2025 a Mutharika omwe aja apambana, ndipo wachiwiri wawo ndi mayi Ansah omwewo. Ndiye tinkathamangira chiyani? Ndiyankheni moona, osati zachipani.

Mdala_waKuMatero

Amayi, mnzanuyo amalankhula chifukwa sanaime pakhothi mu 2016. Ine ndinaima. Pano pa Zambia a Lungu analengezedwa ndi 50.35%, a Hichilema anakasuma, koma malamulo athu ankapereka masiku 14 okha omvera mlanduwo. Masikuwo anathera m'mikangano ya maloya, khothi n'kunena kuti nthawi yatha. Umboni sunamveke n'komwe. Chaka chotsatira a Hichilema anamangidwa pa mlandu woukira boma chifukwa cha nkhani ya magalimoto pa msewu wa ku Mongu, n'kukhala m'ndende miyezi inayi. Ife zii. Makada, anyamata a chipani cholamula, anatenga masiteshoni ndi misika, pa Intercity sunkakweza basi osawapatsa yawo. Tinameza mate mpaka 2021 pomwe a Hichilema anapambana.

Inu mlandu wanu unamveka mpaka kumapeto, pa wailesi, aliyense akumvetsera. Ife kuno tinkachita nsanje, ndikuuzeni.

MphunzitsiWopuma

Mayi NaPhiri, ndiloleni nditalikitse pang'ono, ndi matenda a ntchito yathu.

Kumbukirani mmene zinalili. Pa 21 May 2019 tinavota, a MEC n'kulengeza a Mutharika ndi mavoti 38.57%, a Chakwera 35.41%, malemu a Chilima cha m'ma 20%. Kutanthauza kuti anthu oposa 6 mwa 10 alionse sanamufune wopambanayo. Pamwamba pake mapepala a zotsatira odzaza Tippex, ena osasainidwa, ena madupuliketi, ndi madando 147 omwe tinauzidwa kuti athetsedwa. Pa 3 February 2020 oweruza asanu aja, a Potani, a Kamanga, a Madise, a Tembo ndi a Kapindu, anawerenga chigamulo kuyambira m'mawa mpaka mdima. Ine ndinali kwa mwana wanga ku Chelstone, foni ili pa chaja tsiku lonse, nsima inazizira pa tebulo. Mu Africa muno ndi Kenya yokha, mu 2017, yomwe inali itafafanizapo chisankho cha pulezidenti chonchi.

Kodi oweruza akanalimba mtima popanda anthu mumsewu? Ine ndimakayika. Miyezi yonse ija aliyense ankadziwa kuti dziko likuyang'ana, ndipo asilikali a MDF ankayenda pambali pa ochita zionetsero m'malo mowabalalitsa.

Chomwe chinatsala m'manja mwathu ndi 50+1, lamulo loti wopambana upulezidenti azipeza mavoti oposa theka. Pa chisankho chachibwereza cha 23 June 2020 a Chakwera anapeza pafupifupi 59%. Mu 2025 a Mutharika apeza pafupifupi 57%, ndipo a Chakwera anavomereza kugonja zotsatira zisanalengezedwe n'komwe. Mayi Ansah alowa ndi mavoti owerengedwa poyera. Mukhoza kudana nazo, nanenso zinandiwawa, koma simunganene kuti wina wafufuta ndi Tippex. Mlongo wanu anatayira nsapato zimenezo, osati nkhope ya munthu.

Dalaivala_Beira

Aphunzitsi, 50+1 sadya. A Chakwera anatilonjeza ntchito 1 miliyoni, kudya katatu, feteleza wotchipa. Tinalandira kugwa kwa kwacha ndi 44% mu November 2023 ndi kugona pa mizere ya mafuta. A Mtambo omwe ankatsogolera mademo anakalowa unduna, ife tinabwerera ku mathiraki.

Komanso musamaiwale amayi a ku Msundwe, Mpingu ndi M'bwatalika. Wapolisi ataphedwa pa Msundwe paja, anzake anakabwezera pa amayi ndi atsikana m'midzi. Khothi linalamula mu 2020 kuti 18 apatsidwe chipepeso. Mukamawerenga phindu muziwerenganso amenewo.

Koma kunena chilungamo, ndaonanso zoipa kuposa zathu. Kumapeto kwa 2024 ndinatsekeredwa ku Mozambique anthu a Venâncio Mondlane atakana zotsatira. Kumeneko apolisi ankaombera zipolopolo zenizeni, anthu mazana anafa, ena anathawira ku Nsanje, ndipo a Chapo analumbirabe. Sabata yathunthu ndinadya mabisiketi m'kabini.

Mdala_waKuMatero

A Dalaivala, kunonso unga unakwera pambuyo pa chisangalalo cha 2021, ndipo malodishedi anatipweteka. Koma makada pa siteshoni anachepa, chimenecho ndiye sindingakane.

NaPhiri_waKuMchinji

Zikomo nonse. Aphunzitsi, zanuzo ndazimva, ndipo mawa ndikamuwerengera mayi wa ku Katete uja za masiku 14, aone kuti nawonso ali ndi chilonda chawo. Koma a Dalaivala andikhudza. Pa Msundwe ndimadutsa mwezi ndi mwezi, ndimagulapo tomato pawindo la minibasi, ndipo sindinaganizepo kuti mwina wondigulitsayo ndi mmodzi mwa amayi aja.

Mlongo wanga ndamuimbira masana ano. Mu 2025 sanakavote, akuti tsikulo anali ku dimba kuthirira anyezi. Nditamufunsa ngati angapitenso ku mademo anaseka kaye, kenako akuti, "Achemwali, mukandigulire nsapato ku Kamwala, tikaona."

Ndinyamuka Lachisanu ndi basi ya m'mawa ya ku Chipata. Amene wadutsa pa Mwami sabata ino andiuzeko, osintha ndalama akupereka bwanji?