Mwana wa zaka 4, ndimuyambe bwanji zowerenga?

Mayi wa ku Area 25: Anzanga thandizeni, wanga ali ndi zaka 4, za nazale ndalama zavuta, ndizimuphunzitsa bwanji pakhomo?

Bambo wa ku Kawale: Musadandaule mayi, Sitandade 1 amayamba ali ndi zaka 6, nthawi ilipo. Yambani ndi a e i o u kenako ma me mi mo mu, azilemba pansi ndi kamtengo kapena khala, makope adikire kaye.

Agogo a ku Biwi: Nthano mwanawe! Magetsi akazima muuzeni ya Kalulu, mukamaliza iyeyo akufotokozereninso. Foni ija muchepetseko.

Mayi wa ku Area 36: Wanga amawerengera zitsekerero za Fanta, mu minibasi timawerenga zikwangwani mpaka mtauni mpaka kondakitala kuseka kkkk. Ku National Library ku City Centre mabuku a ana aliko, kapiteni naye.