Twin yanga (ndege ya remote ya injini ziwiri) ikuzima injini imodzi m'mwamba, ndigule ziti?

Mapiko_Awiri: Akuluakulu thandizeni, mutu waima. Ndamanga kandege ka remote kotengera ndege yankhondo ya B-25, injini ziwiri za .46 two-stroke. Pansi zikulira bwinobwino, tach (choyezera liwiro la injini) ikuwerenga chimodzimodzi, koma ikangonyamuka n'kuyamba kukhota, yakumanzere zii. Ndege imapotokera komweko, kutera kwake n'kwamwayi. Pulagi ndasintha, mapaipi ndasintha, mafuta ndi a nitro 10%. Ndikufuna kuzizula zonse. Ndiike O.S. 46AX kapena ndipite ku four-stroke, Saito FA-62? Liwiro ndilibe nalo ntchito, bola zisamazime.

WaBatire: Achimwene ikani zamagetsi. Mamota a brushless awiri, ESC (zowongolera liwiro la mota) ziwiri, batire imodzi. Ikamatha zonse zimafookera limodzi. Nkhani yatha.

Gogo_Nitro: Musagule kaye. Mwati tach chimodzimodzi, mwazifananitsa bwanji? Ambiri amatseka needle (kamsomali kochepetsa kapena kuwonjezera mafuta) ya injini yaulesi kuti ipeze inzake. Imeneyo mwaimana mafuta, m'mwamba itentha n'kuzima. Tchunani iliyonse payokha inzake itazima, ifike pa peak (liwiro lake lapamwamba), kenako mutsegule itsike ndi 300 mpaka 500 rpm. Kusiyana kwa 200 rpm ndege simva n'komwe. Mukafuna kufananitsa, mutsitse yothamangayo, osakweza yaulesi. Ndiye mnzanu ainyamule mphuno kumwamba pa full throttle masekondi 10. Ikangosintha mawu, isauluke. Thanki mwaika pati?

Mapiko_Awiri: Imodzi m'mimba mwa ndege, ndagawa mafuta ndi kapaipi ka T. Needle ndinatsekadi pang'ono yakumanzere.

Gogo_Nitro: Ndi zimenezo mwanawe. Paipi yatalika, ndege ikapendekeka injini ina ikukoka mafuta chokwera, ndipo pa T yamphamvu imalanda inzake. Injini iliyonse thanki yake mu nacelle (chipinda cha injini pa phiko), pafupi, pakati pa thanki palingane ndi needle. Muikulunge siponji mafuta asachite thovu, clunk (kachitsulo ka kumapeto kwa paipi m'thanki) izigwedera momasuka. Ngakhale mutagula yodula bwanji, ndi thanki imeneyo izimabe.

WaBatire: Zonsezi za thovu, T, needle, pa magetsi kulibe. Ndanena kale.

Chimphepo: Ine ndinaona P-38 ya mnzathu, nayo ya injini ziwiri, anaimanga chaka chathunthu, penti mpaka tizilembo ta pamchira. Injini zatsopano, break-in (kuzoloweretsa injini yatsopano) anangoyambapo pang'ono. Yakumanja inazima akukwera, iye anasiya throttle ili full n'kukoka elevator (chokwezera mphuno). Inagudubuka kamodzi, mphuno pansi. Tinatola balsa m'thumba, injini ina tinachita kukumba. Ikazima imodzi bwezani throttle msanga, mphuno pansi pang'ono, rudder (chokhotetsera cha kumchira) kumbali ya yamoyo. Osakhotera ku yakufa. Ndipo injini yatsopano musaiyesere pa twin, iyambe yauluka pa trainer (ndege yophunzirira) mpaka idle ikhazikike.

Gogo_Nitro: Eya. Mukasankha four-stroke, pulagi ikhale Type F, muikenso onboard glow (batire yotenthetsa pulagi m'ndege) makamaka ngati injini mwaziika chadodolido. Koma onani kulemera ndi CG (malo amene kulemera kwa ndege kumalinganira). Throttle iliyonse servo yake, channel yake. Out-thrust (kulozetsa injini kunja pang'ono) ya madigiri 2 kapena 3 imathandizako.

WaBatire: Onboard glow ndi batire yomweyo! Bwanji osangomaliza?

Chimphepo: ESC nayo imapsa akulu, ndipo imazima osachenjeza. Komanso B-25 yopanda kulira kuja kwa injini ziwiri zikagwirizana mawu, ine ayi.

WaBatire: Sound module ilipo.

Kamphako: Pepani kulowerera. Pa .46 alipo anayesa pulopela ya masamba atatu? Ndatsika kuchoka pa 11x6 kufika 10x6 koma idle ikundivuta.