Sorority ili ndi ndalama ku banki koma ikulephera kulipira ophika: ndiyambire pati?

Nabanda: Anzanga owerengera ndalama, ndithandizeni nzeru. Ndimathandiza mongodzipereka nthambi ina ya sorority pa yunivesite kuno ku Indiana, gulu la atsikana lokhala ndi nyumba yawoyawo. Msungichuma amasintha chaka chilichonse, ndipo aliyense potula udindo amati zonse zili bwino poti ku banki kuli ndalama. Koma ikangokwana April, ophika amalandira mochedwa. Ana amenewa amandimvetsa chisoni, sakuba ayi.

Angozo: Mayi Nabanda, balansi ya mu September musaikhulupirire, imanenepa chifukwa mamembala angolipira kumene. Tengani ya tsiku limodzi, tinene 30 April, ya zaka zisanu zapitazi, muziyerekeze. Kenako tulutsani lipoti la ngongole za mamembala ku OmegaFi kapena kampani ina iliyonse imene amalipirirako pa intaneti. Muonetsetse kwambiri omaliza maphunziro mu May. Akangovala gauni n'kuchoka, ngongole yawo kuitolera kwake n'kovuta, koma m'mabuku imakhalabe ngati chuma cha gulu.

Chinanso, lendi yopita ku house corporation, bungwe loyang'anira nyumba ya gululo, sitsika mamembala akachepa. Ngati mu 2020 analowa ochepa, mpata umenewo unayenda nawo zaka zinayi.

Nachisale: Ndionjezepo. Ndalama zomwe amasonkhetsa zothandizira ovutika zili mu akaunti yanji? Zikasakanikirana ndi za chakudya, atsikana amadya ndalama za eni osadziwa. Komanso magulu ambiri otere IRS, bungwe la msonkho la dziko la America, imawaika pa gawo la lamulo la 501(c)(7), la magulu a mamembala osalipira msonkho, choncho zochokera kunja kwa mamembala zisapitirire 35 peresenti ya ndalama zonse zolowa. Form 990, lipoti la chaka ndi chaka lopita ku IRS, akutumiza? Zikadutsa zaka zitatu zotsatizana osatumiza, mwayi wosalipira msonkho umathera pomwepo.

Nabanda: Achemwali, mwalasa. 990 akutumiza ndithu, koma ndalama za chakudya chamadzulo chosonkhetsera thandizo zili mu akaunti imodzi ndi za lendi. Nditazichotsa, balansi ya April yakhala ikutsika chaka ndi chaka.

Angozo: Ndiye tsegulani akaunti yachiwiri sabata ino. Bajeti ya chaka chamawa muiwerengere pa amene amalipiradi, osati pa mayina onse a m'kaundula. Omaliza maphunziro asainire ndondomeko yobwezera isanafike March.

Nabanda: Ndikumana ndi msungichuma watsopano Lachinayi. A Ngozo, munditumizire tebulo la Excel limene mumagawira ngongole pa masiku 30, 60 ndi 90, tikakhale nalo pansi limodzi.